Masamba a chamba cha m'nyumba akazolika, nyamulani mphika musanatunge madzi

Munthu akatsegula chipinda chimene akulimiramo chamba n'kupeza masamba onse atazolika, dzanja limathamangira ku ndowa ya madzi mutu usanaganize n'komwe. Zomera zambiri za m'nyumba zimafera pomwepo. Chamba chimene chakhuta madzi mpaka mizu kubanika ndi chamba chimene chauma ndi ludzu zimaoneka zofanana ukaziyang'anira pakhomo, koma chimene chingapulumutse china ndi chomwe chingamalize chinzakecho. Ndikulembera inu amene mukulima kumene lamulo likukulolani, pakuti malamulo a chamba amasiyana dziko ndi dziko, ndipo pempho langa n'limodzi: masamba akazolika, musathire kanthu kalikonse mumphika musanadziwe zimene zikuchitika ku mizu.

Tsamba limaima chilili chifukwa cha madzi amene adzaza m'maselo ake, monga momwe chubu cha njinga chimalimbira chikapopedwa. Madziwo amalowera ku mizu, amakwera m'tsinde, ndipo ambiri amatulukira m'timabowo ting'onoting'ono ta kunsi kwa tsamba. Tsamba likamataya madzi ochuluka kuposa amene mizu ikutumiza, limalefuka. Tsono funso loyenera si lakuti kodi chomera chikufuna madzi, koma lakuti n'chiyani chikulepheretsa madzi kufika ku tsamba. Mwina m'dothi mulibedi madzi. Mwina alimo, koma mizu yabanika, yaola, yazizidwa kapena yazingidwa ndi mchere wa feteleza. Mwina njira ya m'tsinde yatsekeka. Mwinanso chipinda chikuyamwa madzi m'masamba mofulumira kwambiri. Pa zonsezi, chimodzi chokha ndicho chimatha ndi kuthirira.

Yambani mwayang'ana wotchi

Chamba chathanzi chimatsitsa masamba nyale zikatsala pang'ono kuzima, ndipo chimakhala chotero mumdima. Ngati mumayatsa maola 18 n'kuzimitsa maola 6, musadabwe kuona masamba atawerama chakumapeto kwa maola a kuwalawo. Dzachioneninso patapita ola limodzi kapena awiri nyale zitayaka. Mukachipeza chitadzuka, palibe vuto, tsekani chitseko. Nthawi zina chimazolikanso pang'ono mukangothirira kumene, n'kudzuka pakapita maola ochepa. Ndiponso kumapeto kwa nyengo ya maluwa nthambi zimawerama chifukwa cholemedwa, ndipo zimenezo zimangofuna kamtengo kochirikiza kapena chingwe.

Kukhuta madzi kapena ludzu

Ngati masamba ali chizolikire pakati pa maola a kuwala, nyamulani mphika. Palibe chida choposa dzanja lanu pa ntchito imeneyi. Mphika wa dothi louma umapepuka modabwitsa, pamene wodzaza madzi umakukokerani pansi. Kuti muzidziwa kusiyana kwake, zolowerani kuunyamula mukangomaliza kuthirira, n'kumaunyamulanso tsiku lililonse mpaka utapepuka. Pisaninso chala m'dothi masentimita 3 mpaka 5, ndipo suzumirani ku zibowo za kunsi kwa mphika. Pamwamba pamatha kuuma gwa chifukwa cha nyale ndi fani, pansi pali matope.

Kenaka gwirani tsamba. Tsamba la chomera chaludzu limakhala lolobodoka, lopyapyala, lopanda mphamvu m'dzanja, ndipo vuto likakula nsonga za nthambi nazo zimagwa. Dothi limakhala litanyala n'kusiya mpata pakati pake ndi khoma la mphika. Tsamba la chomera chokhuta madzi limakhala lolimba ndi lonenepa, koma lonse lapindikira pansi kuyambira pa kapesi kake. Chifukwa chake n'chakuti mizu ikasowa okosijeni, chomera chimapanga mpweya wambiri wotchedwa ethylene, ndipo mpweya umenewu umachititsa kuti mbali ya pamwamba ya kapesi ka tsamba ikule msanga kuposa ya pansi. Ndiye tsamba limakankhidwira pansi lisanafote n'komwe. Vutoli likakhalitsa, masamba a m'munsi amasanduka achikasu, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti ndi njala n'kuwonjezera feteleza pa mizu imene ikulephera kale kupuma.

Pa ziwirizi, ludzu ndilo losavuta. Thirirani pang'onopang'ono, mudzaona masamba akudzuka m'maola ochepa, kawirikawiri tsiku lomwelo. Koma pali msampha umodzi. Dothi logula m'matumba, makamaka lokhala ndi peat wambiri (zotsalira za zomera zoolerana za m'madambo), likauma kotheratu limakana madzi. Mukathira, madzi amangotsetserekera mumpata wa m'mbali muja n'kutulukira pansi nthawi yomweyo, inu n'kumati mwathirira pamene pakati pali pouma. Mukaona madzi akutuluka msanga chonchi koma mphika udakali wopepuka, thirani kapu imodzi, dikirani mphindi 10, thiraninso, mpaka mphika ulemere. Njira ina ndi kukhazika mphika m'beseni la madzi osaya kwa mphindi 20 mpaka 30 kuti dothi lidzikokere lokha madzi kuchokera pansi. Pa kuthirira koyamba kumeneku gwiritsani ntchito madzi opanda feteleza, chifukwa mizu youma imapsa msanga.

Kukhuta madzi ndiko kumafuna kuti tikhazikikepo. Anthu ambiri amaganiza kuti vuto ndi kuchuluka kwa madzi amene athira tsiku limodzi. Ayi, vuto ndi kuthirira pafupipafupi. Dothi labwino mumphika wa zibowo zokwanira mutha kulikhutitsa mpaka madzi atuluke pansi, chomera n'kukondwa. Madzi akamatsika amakoka mpweya watsopano kulowa m'dothi, ndipo dothi likamauma mipata yake imadzaza mpweya. Koma munthu wothira kapu imodzi m'mawa uliwonse salola kuti mipatayo itseguke, ndiye mizu imakhala yobanika sabata ndi sabata ngakhale madzi amene akuthira ndi ochepa. Kuthirira kwabwino m'dothi n'kothira mokwanira mpaka pafupifupi maperesenti 10 mpaka 20 a madziwo atulukire pansi, kenaka kusiya mpaka mphika utapepuka.

Chomera chikakhala chitakhuta kale, chithandizo chake chachikulu ndi kudikira, ndipo kudikira n'kumene kumavuta. Tayani madzi onse amene adikha m'kambale ka pansi pa mphika. Kwezani mphika pa timatabwa kapena pa sefa kuti mpweya uzidutsa kunsi. Ngati zibowo n'zochepa, boolani zina m'munsi ndi m'mbali. Chipinda chikhale chofunda ndipo mpweya uziyenda. Musathire feteleza, musathire mankhwala olimbitsa mizu, musathire chilichonse. Musayembekezere kuti chidzuka madzulo omwewo ngati chaludzu chija, chimatenga masiku angapo, nthawi zina sabata yathunthu, chifukwa chiyenera kumeretsa timizu tatsopano m'malo mwa timene tafa. Ena amathothola masamba ambiri poganiza kuti akuchipeputsira katundu. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa masamba omwewo ndi amene amakoka madzi kuchoka mumphika, ndipo mukawachotsa dothi limachedwa kuuma.

Vutoli likamabwerezabwereza, chiyambi chake chimakhala pa zinthu zimene munasankha kale. Chofala kwambiri ndi mbande yaing'ono mumphika waukulu. Timizu ta mbande sitingamwe madzi a mphika wa malita 20, ndiye dothi lozungulira limakhala lonyowa kwa masiku ambiri. Ngati munadzala kale motero, thirirani mozungulira mbandeyo pafupi, madzi ochepa, n'kumakulitsa bwalolo chomera chikamakula. China ndi dothi lolemera lomatana. Kusakaniza perlite (timiyala toyera topepuka) wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dothi kumasintha zinthu kwambiri, ndipo miphika ya nsalu imauma msanga kuposa ya pulasitiki chifukwa mpweya umalowera m'mbali monse.

Pali chinanso chimene chimasokoneza ngakhale alimi odziwa. Nyale za HPS, zomwe ndi za sodiyamu zowala mwachikasu, zimatulutsa kutentha kwambiri, zimafunditsa masamba ndi kuumitsa dothi msanga. Munthu akasintha n'kuika za LED, masamba satenthanso ngati kale, chomera chimamwa pang'ono, ndipo mphika umene unkauma m'masiku awiri umatenga masiku anayi kapena kuposa. Akapitiriza kuthirira motsata kalendala yakale, amabanikitsa mizu osadziwa chimene chasintha. N'chimodzimodzi nyengo yozizira ikafika. Chifukwa cha ichi sindikhulupirira zothirira motsata masiku a pa kalendala.

Amene amalima mu ulusi wa makoko a kokonati asatengere zonsezi mwachimbulimbuli. Ulusi umenewu umasunga mpweya wambiri ngakhale uli wonyowa, ndiye chomera chachikulu chimathiriridwa tsiku lililonse, mwinanso kangapo patsiku, ndipo kuusiya kuti uume gwa kumaunjika mchere ku mizu. Koma mbande yaing'ono mumphika waukulu imatha kubanika ngakhale mmenemo.

Mphika wapepuka, mwathirira bwino, koma sichikudzuka

Apa muyenera kuona mizu ndi maso. Ikani chikhatho pamwamba pa dothi, tsinde lili pakati pa zala, tembenuzani mphika n'kuusolola pang'onopang'ono. Mizu yathanzi imakhala yoyera kapena yotuwira pang'ono, yolimba, ndipo imamveka fungo la dothi basi. Mizu yoola imakhala yofiirira, yoterera, yonunkha, ndipo mukaikoka khungu lake limasupuka n'kutsala kaulusi m'kati. Kawirikawiri choyambitsa ndi Pythium, kachilombo kokonda malo onyowa, ofunda ndi osowa mpweya. Chomera chotere chimafota nyale zikayaka ngakhale dothi lili lonyowa, chifukwa mizu yomwera yatha.

Ngati mizu yoyera idakalipo yambiri, chomera chikhoza kupulumuka. Dulani yoolayo ndi sizasi yoyeretsedwa ndi spiriti, chotsani dothi lonunkha, n'kuokera m'dothi latsopano lotayirira, mumphika woyera wosakula kwambiri. Chepetsani mphamvu ya nyale kapena ikwezeni m'mwamba kwa masiku angapo kuti masamba asafune madzi ambiri pamene mizu ili yochepa. Pali mankhwala okhala ndi tizilombo tothandiza, monga Trichoderma ndi Bacillus, amene amateteza mizu yatsopano. Enanso amatsuka mizu ndi hydrogen peroxide (mankhwala otsukira mabala) wa maperesenti 3 wosungunulidwa m'madzi ambiri. Sankhani njira imodzi, chifukwa peroxide amapha tizilombo tabwino pamodzi ndi toipa.

Mwina mudzapeza mizu yoyera bwino koma itazungulirazungulira khoma la mphika, dothi osaonekanso. Chomeracho chapanikizika, chimamaliza madzi m'maola ochepa n'kufota tsiku lililonse. Chiokereni mumphika wokulirapo. Chikazolika kwa tsiku limodzi kapena atatu mutachiokera, n'zachibadwa.

Olima m'madzi mopanda dothi alibe nthawi yodikira ngati olima m'dothi. Chomera chikazolika mwadzidzidzi, yang'anani pampu ya mpweya musanayang'ane china chilichonse, chifukwa ikazima mizu imabanika m'maola ochepa. Yezaninso kutentha kwa madzi. Madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa, ndipo Pythium amasangalala nawo. Madigiri 18 mpaka 22 ndi abwino. Tsekaninso paliponse pamene kuwala kukulowera m'thanki.

Mukagwedeza mphika n'kuona tintchentche takuda tikuuluka kuchokera m'dothi, dziwani kuti pamwamba pakhala ponyowa nthawi yaitali. Tintchentcheto patokha sitiwononga, koma mphutsi zake zimadya timizu tanthete, ndipo mbande zimavutika nazo kwambiri. Lolani pamwamba pa dothi paziuma, ikani timapepala tachikasu tomata togwirira tintchentcheto, ndipo ngati tachuluka thirirani ndi mankhwala a Bti, amene amapha mphutsi osavulaza chomera.

Feteleza akachuluka

Chomera chimatha kufota chili m'dothi lonyowa, mizu yosaola, chifukwa cha mchere. Feteleza akaunjikana m'dothi, madzi amavuta kulowa m'mizu, pakuti madzi amakokedwera kumene kuli mchere wambiri. Zizindikiro zake ndi nsonga za masamba zopsa, zoyerayera zouma pamwamba pa dothi kapena m'mbali mwa mphika, ndiponso madzi otuluka pansi amene EC yake (muyeso wa mchere wosungunuka m'madzi) ndi yokwera kwambiri kuposa ya madzi amene munathira. Nayitirojeni akapyola muyeso, masamba amabiriwira mpaka kuderako, amanyezimira, ndipo nsonga zokha ndizo zimapindikira pansi. Kusiyana kwake ndi kukhuta madzi kuli pomwepo: uku nsonga yokha, uko tsamba lonse kuyambira pa kapesi.

Chithandizo ndi kutsuka dothi ndi madzi ambiri opanda feteleza, okwana kawiri kapena katatu kukula kwa mphika, n'kuwalola atuluke onse. Madziwo akhale a pH (muyeso wa asidi m'madzi) yoyenera, 6.0 mpaka 7.0 m'dothi, 5.5 mpaka 6.5 mu kokonati kapena m'madzi. Koma chenjerani. Malangizo akuti tsukani dothi amaperekedwa mwachisawawa pa vuto lililonse, ndipo kutsuka chomera chimene chakhuta kale madzi n'kuchimaliza. Musatsuke musanatsimikize kuti vuto ndi mchere, ndipo mukatsuka dikirani mphika upepuke musanayambenso feteleza, pa theka la muyeso wakale.

Chipinda chenichenicho

Ikani choyezera kutentha pamsinkhu wa nsonga za zomera, osati pakhoma kapena pansi. Nyale zikayaka, madigiri 20 mpaka 28 ndi abwino. Kukapyola 30, masamba apamwamba amapinda m'mphepete mwake kuloza kumwamba, ndipo chomera chimalefuka masana n'kudzuka usiku. Kuzizira nako kumafooketsa, ndipo kumabisala pansi. Mphika wokhala pa simenti yozizira umatha kukhala ndi mizu yozizidwa pamene mpweya wa m'chipinda ndi wofunda, ndipo kukatsika pansi pa madigiri 15 mizu imamwa mwaulesi, dothi osauma. Kuyala thabwa pansi pa miphika kumathetsa zimenezi. Madzi othirira nawo asakhale ozizira kwambiri.

Chinyezi cha mumpweya chikhale cha maperesenti 65 mpaka 70 kwa mbande, 40 mpaka 70 pamene chomera chikukula, ndipo 40 mpaka 50 chikayamba maluwa kuti asachite nkhungu. Mpweya wouma kwambiri umayamwa masamba, wonyowa kwambiri umaletsa chomera kutulutsa madzi, mphika n'kukhala wolemera masiku ambiri. Za fani, yang'anani ngati masamba ozolika ndi okhawo amene ali kutsogolo kwake. Ngati ndi choncho, itembenuzireni kukhoma kapena pamwamba pa zomera. Masamba azingogwedera pang'ono, asamakupizike.

Nthambi imodzi yokha ikafota

Zonse ndanenazi zimagwira chomera chonse. Nthambi imodzi kapena mbali imodzi ikafota zina zili bwino, vuto lili m'tsinde. Londolani nthambiyo mpaka pamene yachokera. Mwina inathyoka pamene mumaiweramitsa, kapena chingwe chomangira chadya khungu. Ngati sinadukiretu, ilumikizeni, ikulungeni ndi tepi, ichirikizeni, ndipo kawirikawiri imapola pasanathe masabata awiri n'kusiya mfundo yolimba.

Mukapanda kupeza bala, dulani nthambiyo n'kuing'amba pakati. M'kati mukakhala mizere yofiirira, n'kutheka kuti ndi Fusarium kapena Verticillium, matenda a fangasi amene amalowera ku mizu n'kutseka misempha yonyamula madzi. Akalowa m'kati alibe mankhwala. Ndikudziwa kuti kuzula chomera chimene mwachisamalira miyezi iwiri n'kowawa, koma kuchisunga n'kuika pachiswe zinzake zonse. Chichotseni pamodzi ndi dothi lake, musalibwezere m'miphika ina, musatengepo nthambi zodzala, ndipo tsukani mphika, sizasi ndi pansi pomwe ndi madzi a bulichi.

Mbande zili ndi vuto lake lofanana ndi limeneli. Mbande ikagwa chagada, tsinde litaonda ndi kuderako pamene lakhudzana ndi dothi, yaola m'khosi chifukwa cha chinyontho chochuluka, ndipo siidzukanso. Zotsalazo zichepetsereni madzi ndi kuzipatsa mpweya. Ikagwa chifukwa chotalika mopyapyala tsinde lili loyera bwino, nyale yatalikira: itsitseni pang'ono, n'kukwirira tsindelo ndi dothi. Nthambi zodula zodzala nazo zimazolika masiku oyamba chifukwa zilibe mizu. Zivundikireni ndi chotchinga choonekera m'kati kuti chinyezi chikwere, kuwala kukhale kofatsa, ndipo mizu imayamba kutuluka pakati pa masiku 7 ndi 14.

Mukapeza chimene mukuchiganizira, konzani chimenecho chokha n'kudikira masiku awiri kapena atatu. Kuthirira, kusintha feteleza, kukweza nyale ndi kuokera tsiku limodzi kumachititsa kuti chomera chikadzuka musadziwe chimene chathandiza, chikafa musadziwe chimene chapha, ndipo vuto lomwelo limabwerera mwezi wotsatira. Poona ngati chikuchira, yang'anani mphukira zatsopano za kunsonga ndi liwiro limene mphika ukupepukira. Masamba akale amene anapsa kapena kusanduka achikasu sabwereranso mwakale.

Chomera chikadali pa msinkhu wokula pansi pa maola 18 a kuwala, muli ndi mpata: musachilowetse pa maola 12 a kuwala, amene amayambitsa maluwa, mpaka chitachira ndi kuyambanso kumwa bwino, ngakhale zitatenga masabata awiri owonjezera. Mitundu ya autoflower ilibe mpata umenewu chifukwa imayamba maluwa motsata msinkhu wake, kaya yachira kaya ayi, ndiye sabata imodzi ya mizu yobanika imaonekera pa kukula kwa chomera mpaka pokolola. Kwa mitundu imeneyi, sakanizani dothi lotayirira kuyambira tsiku lodzala, ndipo m'masabata atatu oyamba thirani madzi ochepa pafupi ndi tsinde, mphika ukapepuka.